Baji ya pamkono wa mtsikana, kale ndi lero

Ife amene tinabadwa m'zaka za m'ma 1970 tinakula osadziwa kuti mtsikana angalandire kansalu kosokera pamkono wa yunifomu chifukwa choti wadziwa ntchito inayake. Za gulu la Girl Guides tinkangomva kwa akuluakulu amene analowamo ali pasukulu za mishoni nthawi ya Nyasaland. Pofika nthawi yathu gululo linali litazilala, poti boma la chipani chimodzi linali ndi gulu lake la achinyamata, a Malawi Young Pioneers, lomwe linayamba mu 1963. Ntchito yothandiza anthu tinkaigwira ndithu. Chaka chilichonse ikakwana sabata ya achinyamata tinkanyamula makasu ndi zidebe kukalambula msewu, kuumba njerwa za sukulu, kapena kufolera nyumba ya agogo opanda wowasamala. Koma panalibe wotifunsa chimene tikufuna kuchita. Ntchito ankasankha ndi ena, ife kwathu kunali kungofola pamzere.

Mayi anga aakulu ndiwo anali m'gulu la Girl Guides. Mabaji awo anali a kuphika, kusoka, kuchapa ndi kusita, kulera mwana, ndi chithandizo choyamba. Zonsezi zinachokera ku Britain, kumene gululi linakhazikitsidwa mu 1910 motsogozedwa ndi Agnes Baden-Powell, mlongo wake wa Robert Baden-Powell amene anayambitsa ma Scout. Ine ndimawaseka kuti ankawaphunzitsa ntchito za m'nyumba ya mzungu. Iwo amangoti, "Seka, koma baji ya masiku amenewo siinkabwera ndi pakamwa." Woyesa ankatenga nsalu imene wasoka n'kuitembenuza, kuyang'ana kunsi. Msoko ukakhota, ankakuuza kuti umasule wonse uyambirenso, ngakhale utagwetsa misozi.

Gululi linadzukanso kuno kwathu zipani zambiri zitabwera, ndipo mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 14, ndi mmodzi mwa atsikana ake. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde ndi anzake akusoka mapadi ochapa. Amadula chitenje ngati kamtanda, mkati n'kuika nsalu yomwa madzi yopindapinda, kunsi kwake kansalu kosalowa madzi, kenaka batani pamapiko kuti igwire kabudula wamkati. Wina anali akulemba m'kope mtengo wa zipangizo, kuti aone ngati imodzi ingatsike mtengo poyerekeza ndi ya m'golosale. Singano ndi yomwe ija ya mayi anga aakulu, koma chimene akusoka ndi chinthu chimene ife sitikanachitchula n'komwe pamaso pa mphunzitsi. Tikakhala kumwezi tinkangojomba kusukulu, tikabwerera n'kunena kuti tinali ndi malungo.

Apa ndipo pagona kusintha konse. Kale baji inkafunsa kuti mtsikanayu angaichitire chiyani nyumba. Lero ikufunsanso kuti angadzichitire chiyani iye mwini, ndiponso angalankhule chiyani pagulu. Bungwe la WAGGGS, lomwe limalumikiza magulu a Guides padziko lonse kuyambira mu 1928, linayambitsa kampeni ya Stop the Violence mu 2011 yolimbana ndi nkhanza kwa atsikana. Lilinso ndi Surf Smart, yophunzitsa kudzisamala pa intaneti, ndi Free Being Me, yolimbikitsa mtsikana kusachita manyazi ndi thupi lake. Nazonso za m'dziko muno zasintha. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene watenga mimba amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Mtsikana amene angathe kufotokozera makolo ndi amfumu za lamulo limeneli, popanda kunjenjemera, baji akuyenera. Ife tinakula lamulo likutiletsa ngakhale kuvala thalauza.

Komabe pali chimene chimandidetsa nkhawa. M'magulu ena a achinyamata masiku ano, atsikana amaitanidwa ku maphunziro a tsiku limodzi m'holo, kumvera wolankhula, kulandira chakumwa ndi sikipa, kujambulitsa, basi kwatha, satifiketi m'manja. Mukawafunsa patapita mwezi kuti anaphunzira chiyani, amakumbukira mtundu wa sikipa.

Chonsecho ntchito zoti mtsikana azigwire ndi manja ake n'kuoneka zili mbwee. Angathe kuumba chitetezo mbaula, kuisiya iume pamthunzi, kuiotcha, kenaka n'kuyerekeza nkhuni zimene yadya pa sabata ndi za pamafuwa. Angathe kudzaza dothi m'machubu, kufesa msangu kapena mthethe, kuthirira mpaka mvula itayamba, ndipo baji adzalandire pokhapokha mitengo yapirira chilimwe, osati pa tsiku lodzala pomwe pali alendo ndi makamera. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuti mpondagiya pakhomo pa chimbudzi cha sukulu ndi chinthu chachikulu, ndipo kachigubu, chingwe ndi timitengo sizifuna bungwe lothandiza. Amene ali ndi foni angathe kujambula mawu a agogo akufotokoza za njala ya 1949 kapena mmene ankafutsira ndiwo, n'kukawerengera anzake zimene walemba. Chofunika n'choti asankhe yekha, chinthu chimene ife sitinapatsidwe.

Inu atsogoleri a magulu a atsikana, aloleni anawa asankhe ntchito, koma baji musaipereke chifukwa choti mwana anabwera kumsonkhano. Pitani kaye mukaone mbaulayo ngati ikuyaka.