Galasi limodzi, chithunzi chimodzi

Mlimi akagulitsa fodya ku Chinkhoma n'kukatapa ndalama zake ku banki, m'thumba mwake mumalowa nkhope ya John Chilembwe pa K500 ndi pa K2,000. Koma ndi angati amene amadzifunsa kuti nkhope imeneyi tinaidziwa bwanji, poti mwini wake anaphedwa mu 1915?

Zina mwa zithunzi za Chilembwe ndi banja lake anajambula ndi Mungo Murray Chisuse, munthu wakuda mnzathu amene ankasindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre ndipo anakafikako ku Scotland. Dzina limeneli ndimawauza ophunzira anga, ngakhale iwo mtima umakhala pa za mayeso zokha.

Kamera za masiku amenewo zinali ngati kasutikesi kamatabwa. Ukatsegula, kutsogolo kunkatuluka chikopa chopindikapindika ngati mvukuto wa osula makasu, ndipo kumapeto kwake kunali diso la kamera. Wojambula ankaiimika pa miyendo itatu n'kudzifunditsa nsalu yakuda kumutu kuti aone bwino. Munthu wojambulidwayo ankaoneka chadodolido pa galasi lakumbuyo, monga momwe timasonyezera m'kalasi ndi katoni yoboola ndi singano. Akakoka kapena kukankha mvukutowo mpaka nkhope itaoneka bwino, ankalowetsa galasi lina lopakidwa mankhwala a siliva, limene silinkayenera kuona kuwala mpaka nthawi yake itakwana. Galasi limodzi, chithunzi chimodzi. Magalasiwo ankachokera kutsidya kwa nyanja, olemera komanso osachedwa kusweka, ndiye panalibe zoti "tabwerezani, ndinaphethira".

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Chinthu chodula chotero munthu sankachiyandikira mwachisawawa. Ankayamba waganiza kuti akufuna anthu adzamuone bwanji. Zithunzi zambiri za makolo athu za nthawi ya Nyasaland anajambula ndi azungu, ndipo anthu akuda ankangoimikidwa pamzere, nthawi zambiri popanda ndi dzina lomwe pansi pake. Chilembwe anavala suti, mayi Ida diresi lalitali, n'kukhala pamaso pa wojambula wa mtundu wawo. Kwa ine, kumeneku kunali kulankhula ndi boma la atsamunda mfuti isanalire. Boma lomwelo linaphwasula tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe nkhondo itatha. Chimene chatsala choti tione mmene chinalili ndi zithunzi.

Lero kuno ku Kasungu mwana wa Fomu 2 amajambula zithunzi makumi awiri pa tsiku la masewero lokha. Sindikudandaula, n'zabwino ndithu. Kungoti foni ikagwera m'madzi kudambo kapena ikagulitsidwa mu Januwale kuti papezeke feteleza, ukwati wonse ndi maliro a agogo zimapita nayo limodzi. Galasi la zaka 100 ukaliyang'anitsa kudzuwa umaonabe munthu.

Magalasi otero m'midzi mwathu muno ndi osowa. Zimene zilipo ndi zithunzi zapepala za agogo amene anapita ku Joni ndi ku Halale, zosungidwa m'mabokosi pansi pa bedi, pomwe chiswe sichichita ulemu. Teremu ino ndapempha ophunzira anga kuti aliyense akapeze chithunzi chakale kwambiri kwawo, akafunse akuluakulu kuti ndi ndani ndipo chinajambulidwa kuti, n'kulemba ndi pensulo kuseri kwake. Mtsikana wina wabwera kale kudzandiuza kuti kwawo yekhayo amene ankawadziwa anthu a pachithunzi anamwalira chaka chatha.