Chicago Bulls, tiuzeni komwe tikupita

Mu sizoni ya 2022-23, Chicago Bulls inapambana masewero 40 n'kugonja 42. Sizoni yotsatira inapambana 39 n'kugonja 43. Yotsatiranso inali 39 ndi 43 yemweyo, ngati wophunzira amene wapereka asainimenti ya chaka chatha osasintha ngakhale deti. Zaka zitatu zonsezi timuyi inalowa mu play-in, kampikisano kolimbirana malo awiri otsiriza a ndime ya playoffs, ndipo zaka zitatu zonsezi inatulutsidwa ndi timu imodzimodzi, Miami Heat. Sizoni ya 2025-26 ya NBA inayamba mu October 2025. Ine ndimadzitcha sapota wa Bulls, koma mutandifunsa chimene akuluakulu a timuyi akumanga, ndingokuyang'anani.

Mwina mukudabwa kuti mwana wa ku Malawi zamukhudza bwanji za ku Chicago. Yendani mumsika uliwonse wa kaunjika, simulephera kupeza chipewa kapena jezi yokhala ndi mutu wa ng'ombe yofiira ija. Ambiri amavala osadziwa n'komwe kuti ndi timu. Inenso ndinayamba choncho, mpaka mu 2020 pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo msuweni wanga anandibweretsera The Last Dance pa flash. Ndinaonera Michael Jordan ndi anzake akutenga zikho 6, kuyambira 1991 mpaka 1993, kenako 1996 mpaka 1998, zonse ine ndisanabadwe. Ndinalowa m'banja mochedwa, chuma chitatha kale. Chichokereni 1998 Bulls sinafikeponso mu fainolo, ndipo ulendo womaliza kudutsa ndime yoyamba ya playoffs unali mu 2015.

Kusapota timuyi kuli ndi mtengo wake. Masewero a ku Chicago amayamba 2 kapena 3 koloko m'bandakucha pa nthawi yathu. Ndalama ya bandulo imachoka pa ya ndiwo, ndipo mawa lake pamakhala kalasi ya 8 koloko. Munthu ukamalipira ndi tulo ndi ndiwo, umafuna kudziwa kuti ukulipirira chiyani.

Kwa anzanga amene mumangotsatira mpira wamiyendo, pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa kaye. Mu ligi yaikulu ya kuno kwathu kapena mu ligi ya ku England, timu ikathera kunsonga imatuluka, choncho kukhala pakati ndi chinthu choyamika. Mu NBA mulibe kutuluka. Matimu ndi 30 omwewo chaka ndi chaka, ndipo amene achita moipa ndi amene amapatsidwa mwayi woyamba kusankha osewera achisodzera pa mwambo wotchedwa draft. Malo oyambirira amagawidwa pa mayere. Pa lamulo la mu 2019, matimu atatu otsikitsitsa amakhala ndi mwayi wa 14 peresenti iliyonse wotenga nambala 1, ndipo mwayiwo umanka nuchepa ukamakwera pa ndandanda. Pa bwalo pamakhala anthu asanu okha mbali iliyonse, motero katswiri mmodzi akhoza kusintha tsogolo la timu kwa zaka khumi. N'chifukwa chake matimu ena amagulitsa akatswiri awo dala, kusonkhanitsa mwayi wosankha pa draft, n'kulola kukwapulidwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ku America mchitidwewu amautcha tanking.

M'dongosolo lotere, malo oipitsitsa ndi apakati. Sungatenge chikho, komanso wachita bwino mokwanira kuti usapeze mnyamata amene angadzakutengere chikho. Bulls yamanga nyumba pamenepo, yafolera ndi malata.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti panali nthawi imene timuyi inali ndi njira yooneka. Arturas Karnisovas, wa ku Lithuania, atapatsidwa udindo woyendetsa za osewera mu 2020, anasankha kufulumira. Mu March 2021 anatenga Nikola Vucevic ku Orlando popereka Wendell Carter Jr., Otto Porter ndi mwayi uwiri wosankha m'ndime yoyamba ya draft. Patangopita miyezi yochepa anabweretsa DeMar DeRozan, Lonzo Ball ndi Alex Caruso kudzathandizana ndi Zach LaVine. Mtengo wake unali wokwera, chifukwa umodzi mwa mwayi uja Orlando inatengera Franz Wagner, amene lero ndi mzati wa timu yawo. Komabe munthu umatha kuona chimene akufuna. Pofika January 2022 Bulls inali pamwamba kuchigawo chakummawa. Kenako bondo la Ball linavuta, ndipo sanaseweranso mpaka October 2024. Timu inamaliza sizoniyo ndi 46-36, n'kutulutsidwa ndi Milwaukee pa masewero 4 kwa 1.

Bondo la munthu silingakhale mlandu wa bwana. Mlandu ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Aliyense ankaona kuti popanda Ball galimoto ija siyenda, koma kwa zaka ziwiri akuluakuluwo anangokhala chete, kumadikira. Mtengo wa osewera unkatsika iwo akuyang'ana. Pamene anayamba kugulitsa, anagulitsa ngati mayi wa tomato dzuwa litalowa.

Taonani. Mu June 2024 anapereka Caruso, mmodzi mwa otchinga abwino kwambiri mu ligi yonse, ku Oklahoma City, n'kulandira Josh Giddey yekha. Oklahoma City inali ndi mulu wa mwayi wa draft kuposa pafupifupi timu ina iliyonse, koma Bulls sinapemphe ngakhale umodzi wa basera, kapena inapempha n'kukanizidwa n'kuvomera. Patatha chaka Caruso anali atanyamula chikho. DeRozan anapita ku Sacramento. Mu February 2025 LaVine anamutsatira konko, ndipo chinthu chachikulu chimene Bulls inapeza chinali mwayi wake womwe wa draft ya 2025, umene inali itaupinyolitsa ku San Antonio potenga DeRozan. Kugulitsa mbuzi kuti uwombole njinga yako. Pomaliza Ball naye anamusinthanitsa ndi Isaac Okoro wa ku Cleveland. Osewera anayi amene anali mtima wa timu achoka, ndipo palibe mwayi ngakhale umodzi wa ndime yoyamba wa timu ina umene walowa.

Ndiye tinene kuti akugwetsa nyumba kuti amange yatsopano? Zikanakhala choncho, Vucevic, amene anakwanitsa zaka 35 mu October 2025, sakanakhala akadali pomwepo nthawi imeneyo. Tinene kuti akufuna chikho? Palibe munthu wamaganizo ake amene angayike Bulls pa matimu olimbirana chikho. LaVine atachoka, Karnisovas anauza atolankhani kuti njira zopezera chikho ndi zingapo, kuti timu ikhoza kudalira akatswiri awiri kapena atatu, kapena kukhala ndi osewera abwino ndithu 9 kapena 10. Ine mawu amenewa anandikumbutsa lekichala wathu wina wa mbiri yakale, amene amati nkhani yovomereza mbali zonse ziwiri sailepheretsa, koma saipatsanso malikisi oposa ongokhozera. Amati ngati wolemba sakuopa kutsutsidwa pa chilichonse, ndiye kuti sananene kanthu.

Ndiyenera kuchita chilungamo, chifukwa mbali inayo ili ndi mfundo. Kugonja dala si mankhwala otsimikizika. Philadelphia inayesa pansi pa Sam Hinkie, mpaka inapambana masewero 10 okha pa 82 mu 2015-16. Inapezadi Joel Embiid wa ku Cameroon, amene anadzasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse mu 2023, koma mpaka lero timuyo sinadutse ndime yachiwiri ya playoffs ali ndi iyeyo. Mu 2025 Utah inali yotsikitsitsa, 17-65, koma mayere anaiponya pa nambala 5. Ndipo Indiana Pacers inafika mu fainolo ya 2025 popanda kudzigwetsa mwadala kwa zaka zambiri. Ngati Karnisovas anali ndi chitsanzo m'mutu, ndiganiza ndi chimenechi.

Koma Indiana inachita chinthu chimene Bulls imachiopa. Mu February 2022 inagulitsa Domantas Sabonis, katswiri wake, nthawi imene mtengo wake unali pamwamba, n'kupeza Tyrese Haliburton. Masapota ena anakwiya, koma eni timu anali atasankha munthu womangirapo zonse. Oklahoma City nayo inagulitsa Paul George mu 2019, n'kulandira Shai Gilgeous-Alexander ndi mwayi usanu wa ndime yoyamba. Inapambana 22 okha, kenako 24, anthu akuiseka. Mu sizoni ya 2024-25 inapambana 68 n'kutenga chikho. Njira ziwirizi ndi zosiyana, koma matimu onse awiri anataya chinthu chimene ankachikonda pa nthawi imene chinali chisanaguge. Bulls imafuna zonse, kukhalabe mu play-in uku ikudzitcha timu ya achinyamata. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kuhostelo, sapota wa Oklahoma City wa miyezi inayi, amati ndimangodandaula koma ndikamaonera ndimaiwala zonse. Akunena zoona, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandivuta. Kumapeto kwa March 2025, Bulls ikusewera ndi Los Angeles Lakers ya LeBron James ndi Luka Doncic, Giddey anaponya mpira ali pakati pa bwalo nthawi ikutha, ndipo unalowa. Inali cha m'ma 4 koloko m'mawa. Ndinakuwa mpaka wina anagogoda khoma. Chisangalalo chimenecho chinali chenicheni, sindingachibweze. Komatu chigonjetso chilichonse cha mtundu umenewu chinkakweza timu pa ndandanda n'kuchepetsa mwayi pa draft. Palibe wosewera amene angaphonye dala, ndipo palibe sapota amene mtima wake ungalire mpira ukalowa. Ntchito yoganizira za zaka zisanu zikubwerazi si ya Giddey kapena ine. Pali anthu amene amalipidwa kuti aziganiza zimenezo enafe tikukuwa.

Mapeto ake anali oseketsa mowawa. Bulls ndi Dallas Mavericks onse anamaliza ndi 39-43, choncho anachita mayere ang'onoang'ono owalekanitsa. Dallas inapata malo a 11 ndi mwayi wa 1.8 peresenti, Bulls a 12 ndi 1.7. Pa mayere aakulu, nambala 1 inagwera Dallas, ndipo inatenga Cooper Flagg, mnyamata amene aliyense ankamufuna. Masapota ambiri a Bulls analira kuti ndi tsoka. Ine sindikuona choncho. Ngati chiyembekezo chako chonse chopezera katswiri chagona pa mwayi wosakwana 2 pa 100, vuto si mayere ayi.

Chifukwa chiyani safuna kusankha? Apa ndikunena maganizo anga chabe. Bwalo lawo la United Center limalowa anthu oposa 20,000, ndipo Bulls imakhala m'gulu la matimu odzaza bwalo kwambiri ngakhale ikamachita zosaoneka bwino. Jerry Reinsdorf, amene anagula timuyi mu 1985, ali ndi chizindikiro chimene chimadzigulitsa chokha kuyambira ku Chicago mpaka ku msika wa ku Limbe. Timu ya 39-43 siichititsa manyazi mokwanira kuti anthu asiye kubwera. Imasunga chiyembekezo mpaka April, matikiti amagulidwa, bwana sachotsedwa ntchito. Kwa mwini bizinesi, pakati ndi pofunda. Ndikamaganiza zimenezi ndimaona kuti kukhulupirika kwa anthu ngati ine n'kumene kumalipirira ulesi umenewu, ndipo sizindisangalatsa.

Sindikunena kuti m'timumo mulibe chokoma. Matas Buzelis, amene anamusankha pa nambala 11 mu 2024, ndi wamtali, wothamanga, wosaopa munthu. Coby White, amene anali m'timuyi mu 2025, ankamwetsa zigoli usiku umene dzanja lake latentha. Noa Essengue wa ku France, wosankhidwa pa nambala 12 mu 2025 ali ndi zaka 18, akufunika nthawi. Giddey, amene ndi wa msinkhu wanga, anasaina mu 2025 kontrakiti ya zaka zinayi ya madola 100 miliyoni, ndipo amaona mipata yopatsira mpira imene ena saiona. Onsewa ndi osewera abwino. Koma funsani mafunso awa: ndani mwa iwowa amene angakhale wopambana pa timu yotenga chikho? Ngati yankho ndi Buzelis, bwanji osamupatsa mpira ndi maminitsi onse kuti alakwitse n'kuphunzira, ngakhale timu igonje masewero 55? Ngati yankho ndi lakuti palibe, munthuyo akachokera kuti popeza timu sikufuna kutsika ndipo ilibe katundu wokwanira wogulira katswiri? Patrick Williams, amene anamusankha pa nambala 4 mu 2020 n'kudzamupatsa madola 90 miliyoni pa zaka zisanu, akutikumbutsa kuti kudikira kuti munthu adzasanduke katswiri si pulani.

Ine ndingapirire timu yogonja. Ndikhoza kudzuka 3 koloko kuonera anyamata a zaka 20 akukwapulidwa ndi mapointi 25, ngati ndikudziwa kuti kukwapulidwako kuli ndi kumene kukulowera. Ndingapirirenso timu yoika zonse pa katswiri mmodzi n'kulephera, monga zinakhalira mu 2021. Chimene chikunditopetsa ndi chaka chinanso cha 39-43, kudikira Miami mu April.

Makontrakiti a Vucevic ndi White onse ankatha kumapeto kwa sizoni ya 2025-26, ndipo msika wosinthana osewera umatsekedwa kumayambiriro kwa February. Mu October 2025 ndinkati akadzagulitsa awiriwa n'kupeza mwayi wa draft, ndidzadziwa kuti asankha kumanga pa Buzelis ndi anzake. Ndinkatinso akadzawasunga kuti tithamangire nambala 9 kapena 10, ndidzayamba kumangoona zidule za masewero m'mawa pa YouTube, ndalama ya bandulo ibwerere ku ndiwo.