Nyimbo yopanda ovomera

Abale anga a ku Mponela, Mvera, Malomo, Khuwi ndi mapiri onse a kwathuko, ndiloleni ndikhuthule za kukhosi. Pali chimbale chimene chandisowetsa tulo sabata ino, ndipo si cha kwathu ayi. Ndi cha mzungu wa konkuno ku Oxfordshire, dzina lake Thom Yorke, woyimba wa bandi ya Radiohead. Chimbalecho ndi The Eraser, chinatuluka mu Julaye 2006, koma ine ndachimva kumene. Chandikomera, chandipwetekanso mtima, ndipo ziwirizi zikuyendera limodzi.

Radiohead ndi gulu la anthu asanu amene anakumana ali anyamata pasukulu ina ku Abingdon, tauni yoyandikana ndi Oxford, n'kuyamba kuyimba limodzi mu 1985. Ndi bandi ya magitala, besi ndi ng'oma, ndipo kuno aliyense amaidziwa, kaya amaikonda kaya ayi. Ndiye bambo ameneyu, ali ndi anzake anayi odziwa ntchito amene wakula nawo, anatenga laputopu n'kukakhala pambali ndi wojambula nyimbo wawo, Nigel Godrich, n'kupanga nyimbo zisanu ndi zinayi pafupifupi yekha. Ndinafunsa amene anandimvetsa chimbalechi kuti kodi anakangana chiyani ndi anzakewo, ndalama kapena. Anandiyankha kuti panalibe mkangano, bandi sinathe, moti chaka chotsatira, 2007, onse asanu anatulutsa chimbale china, In Rainbows. Woyimba ng'oma wawo, Philip Selway, anali moyo, manja ali bwinobwino. Munthu anangofuna kukhala payekha basi. Zimenezi zinandizunguza mutu kuposa nyimbo zenizenizo.

Kamvekedwe kake nkovuta kukafotokoza kwa munthu amene anakulira pabwalo. Nyimbo yoyamba imayamba ndi piyano, koma piyano yoduliridwa, yobwerezabwereza, yongokhala ngati ikuchita chibwibwi. Anaimba piyanoyo ndi mnzake wa m'bandi, Jonny Greenwood, iye n'kutenga kachidutswa kake n'kukaduladula pakompyuta. Kenako kumabwera zimene iwo amati ng'oma. Abale, si ng'oma zimene mukuzidziwa. Ndi timaphokoso ting'onoting'ono, thethethe, tchetchetche, ngati chiswe chikudya nsungwi za denga pakati pa usiku. Palibe chikopa, palibe phula, palibe dzanja limene latopa n'kuchedwako pang'ono. Pamwamba pa zonsezo pali mawu ake, opyapyala, okwera, oyandikira khutu kwambiri moti umamva akupuma. Nyimbo ya The Clock inandigwira msanga chifukwa imathamanga ndipo mapazi anga anapeza poponda. Ya Atoms for Peace ndi yofatsa, mawu ake amakwera mpaka ndinachita tsemwe. Luso lilipo, ndisanamizepo.

Chimene chinandiluma ndi momwe ndinachimverera. Mnyamata wina amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba, wa msinkhu wa mphwanga, amene amanditchula dzina langa loyamba mosaopa monga achitira onse kuno, anandiitanira kwake titaweruka. Anatulutsa mbale yakuda ija ya galamafoni, imene ife tinaitaya kalekale koma kuno yabwereranso ndipo ndi yodula, n'kuipukuta mosamala ndi kansalu. Anachepetsa magetsi. Tinakhala pampando anthu atatu, aliyense kuyang'ana kutsogolo. Pofika pa The Clock thupi linandikanika, ndinayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono n'kumathira mang'ombe chapansipansi, poti ndinamva malo oti munthu nkulowapo. Mnyamata uja anakweza chala n'kumwetulira, kundipempha mwaulemu kuti tidikire ithe kaye. Sanandinyoze, ndi mwana wabwino. Koma manja anga anazizira pomwepo. Kwa mphindi 40 tinakhala duu, ngati nyimbo ndi munthu wamkulu amene akuyankhula ndipo ana saloledwa kutsomola.

Inu mukudziwa kuti kwathu woyambitsa nyimbo akayamba ndipo pasapezeke wovomera, imeneyo ndi nkhani. Ndiye kuti pamudzi pali chidani, kapena woyambitsayo walakwira anthu. Ine ndinakula ndikuimba ng'oma ya mganda, ndipo sindikumbuka tsiku limene wina anandiuza kuti khala chete timve nyimbo. Timve bwanji tisanalowemo? Kuno chete ameneyo ndiye ulemu wopita kwa woyimba. M'basi ya m'mawa yopita ku Oxford anthu amadzaza, aliyense ali ndi mahedifoni, aliyense ndi nyimbo yake, nkhope zouma, osagwedeza ngakhale phewa. Mwina wina mmenemo akumva nyimbo imene ikumuliza mumtima, koma woyandikana naye sadzadziwa mpaka kalekale.

Ndaganizira kwambiri za malemu Lucius Banda, Soldier, amene anatisiya mu Juni 2024. Nayenso anachoka m'gulu, Alleluya Band ya ku Balaka, n'kuyamba kutulutsa zimbale m'dzina lake, kuyambira ndi Son of a Poor Man. Nayenso sanaope kiyibodi ndi ng'oma za makina, ndipo nyimbo za ku Balaka tonse tinavina zili choncho. Koma taonani kumene kuima payekha kwakeko kunathera: anakhazikitsa Zembani Band, ndipo m'manja mwake munadutsa a Mlaka Maliro, a Billy Kaunda ndi ena ambiri. Kwathu munthu akati wayamba zakezake ndiye kuti anthu omuzungulira achuluka. Kuno akati wayamba zakezake ndiye kuti watseka chitseko. Ndipo musandiuze kuti vuto ndi makina, chifukwa timasitudiyo ta pa Mponela tilinso ndi kompyuta imodzi ndi mayikolofoni imodzi. Koma mnyamata wojambula mmenemo maganizo ake amakhala ali pa ukwati wa Loweruka, pa perekaniperekani, pa amayi amene adzavine atamanga chitenje m'chiuno. Amasiya mpata woti anthu alowe.

Nyimbo imene yandikhala pamtima kwenikweni ndi ya Harrowdown Hill. Limenelo ndi dzina la kaphiri ka nkhalango kufupi ndi mudzi wa Longworth, muno mu Oxfordshire momwemuno. Kwa ife a ku Ntchisi amenewo si mapiri, ndi chitunda chabe, koma pali mbiri yowawa. Pamenepo mu Julaye 2003 panapezeka mtembo wa David Kelly, katswiri wa boma wofufuza zida zoopsa. Iyeyu anali atayankhula ndi mtolankhani wa BBC zokayikira zimene boma la Britain linkanena pofuna kukamenya nkhondo ku Iraq, dzina lake linaululika, n'kumufunsa mafunso aphungu dziko lonse likuonera. Kafukufuku wa boma wotsogoleredwa ndi Lord Hutton anati anadzipha yekha. Thom Yorke anayimba za imfa imeneyi ndi mkwiyo, ndipo ngakhale usamve Chingerezi chonse, besi yake imakuuza kuti apa pali munthu wapsa mtima.

Nditamva mbiriyi ndinakumbuka Evison Matafale, amene anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Mukukumbuka mmene dziko linalirira. Nyimbo zake zinali mu minibasi iliyonse ya pa msewu wa M1, m'magolosale, m'mabala, m'zigafa anthu akusoka fodya, ndipo Black Missionaries anapitiriza Kuimba mpaka lero, anthu n'kumakhamukira ku Chileka kukamukumbukira. Mkwiyo wathu unali ndi makamu. Mkwiyo wa Thom Yorke ndi woona ndithu, koma umalowa m'khutu la munthu mmodzi ali khale pampando, n'kuthera momwemo. Ndinamumvera chisoni David Kelly kawiri: poyamba chifukwa cha imfa yake, kachiwiri chifukwa nyimbo yomulira ilibe amayi oilandira.

Komatu apa ndi pamene pakundipweteka. Usiku wotsatira ndili pantchito, okalamba onse atagona, ndinaika chimbalechi m'makutu ndekha, ndipo chinandikwana ndendende. Kuyambira mu Malichi 2024 boma la kuno linaletsa obwera kudzagwira ntchito yosamalira anthu kubwera ndi mabanja awo. Mayi a kunyumba ndi ana ali kumudzi, ine ndili m'kachipinda kamodzi m'nyumba ya anthu amene timangopatsana moni pamakwerero. Malipiro akalowa, lendi yatenga gawo lake, fizi ya ana, feteleza, mankhwala a amayi anga, zatha. Atamwalira atsibweni anga chaka chatha maliro ndinawaonera pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka, amayi a Chigwirizano akuyimba, mawu n'kumafika zidutswazidutswa monga piyano ya m'chimbale muja. Ndinavomera nyimboyo ndekha m'chipinda, chapansipansi kuti ndisadzutse woyandikana naye. Ndiye Thom Yorke akamayimba yekha ndi makina ake, wopanda womuyankha, akunena za moyo umene ine ndikukhala tsopano. Sindinafune kuti mzungu wa ku Oxford andidziwe chonchi. Ndinkafuna ndinene kuti nyimbo zozizira izi si zanga, koma zandipeza.

Ndisawanamizire eni dziko kuti sadziwa kuyimba pamodzi. Pitani ku bwalo la mpira mukamve. Ndiponso kuntchito kuli gogo wina amene matenda oiwala anamulanda ngakhale mayina a ana ake, koma ndikamamusambitsa n'kumang'ung'udza nyimbo ya m'buku lathu la Nyimbo za Mulungu, amailandira m'Chingerezi, ndime yonse osaphonya, poti maimbidwe ambiri a m'buku lija anachokera konkuno. Pamenepo timakhala awiri, woyambitsa ndi wovomera. M'badwo wake unkayimba limodzi m'matchalitchi amene lero ena anasanduka nyumba zogona ndi malo omwera khofi. Chinthu chimenechi anali nacho, chikuwapulumuka, ndipo ndikuopa kuti nafenso chingatipulumuke tikamangoti chitukuko ndi mahedifoni.

Pali china chimene mnyamata uja anandiuza chimene chinandisangalatsa kwambiri. Pamene Thom Yorke anafuna kuyimba nyimbo za chimbalechi pamaso pa anthu mu 2009, laputopu yokha sinakwane. Anasonkhanitsa gulu, limene pambuyo pake linatchedwa Atoms for Peace: Flea wa Red Hot Chili Peppers pa besi, Joey Waronker pa ng'oma, ndi Mauro Refosco wa ku Brazil pa ng'oma zamanja ndi zisekese. Oyimba ng'oma awiri! Timaphokoso tija tinafunika manja a anthu kuti tiime pabwalo. Chaka chomwecho Mmalawi mnzathu Esau Mwamwaya, amene ankagulitsa katundu wakale m'kashopu ku London, anatulutsa Warm Heart of Africa ndi anzake a ku Ulaya m'gulu la The Very Best. Makina ndi omwewo, koma iye anayimba m'Chichewa, mawu ataunjikana ngati khamu, ndipo azungu anavina. Ndinamuyikira mnyamata uja pafoni tili pa nthawi yopuma, ndipo phazi lake linayamba lokha kugunda pansi. Sindinakweze chala.

Ndikuganizanso za anzathu a ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Pamalo pamene panali ndende nthawi ya Kamuzu, kuyambira 1994 pakukhala anthu othawa kwawo, a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Ali ndi zifukwa zodzitsekera m'nyumba kuposa ine. Koma mu 2014 mlakatuli Menes La Plume anayambitsa Tumaini Festival mkati mwa kampu momwemo, ndipo anthu amachoka ku Lilongwe kukavina nawo. Iwo kusowa kwawo anakutulutsira pabwalo. Ife Amalawi a kuno timakumana pakagwa maliro, kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, kenako aliyense kubwerera ku shifiti yake.

Choncho ndikupempha inu a ku Oxford, Reading, Swindon ndi Milton Keynes. Pa 6 Julaye chaka chino, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, tisangodya nsima n'kuyika nyimbo pa sipika. Ndikudziwa kuti pali wina amene anabwera ndi ng'oma m'chikwama, kaya mbalule kaya mpanje, ndipo ikungokongoletsa pabalaza. Bwerani nayo. Moto wowambira sangatilole m'holo, tidzaiwamba pa hita. Amayi a chimtali mulipo ambiri, ndimakuonani kutchalitchi. Mabadza ndauza kale achimwene kumudzi kuti andipezere, adzabwera ndi aliyense amene akukwera ndege mwezi wa Juni. Mnyamata wa kuntchito uja ndamuitana, ndipo ndamuchenjeza kale kuti kumeneko mpando wongokhala n'kumamvera kulibe.