Cimene Cikweza Mtengo wa Pogona m'Bulawayo

Abale anga a m'migodi, ine ndine kalaliki, ndipo nchito yanga ndiyo kulemba matikiti ndi malipiro a anthu. Sukulu ndinalekeza ya pulaimale ku mishoni, koma kuwerengera ndarama ndidziwa. Amuna ambiri akatenga chuthi amadzera m'Bulawayo, ndipo pobwera amadandaula kuti, "A Kalaliki, eni mahotela ndi mbala." Ine nditi tiyambe taona cimene cikweza mtengo tisanatukwane munthu.

Coyamba ndi ndarama ya dziko. M'caka ca 2008 ndinali mwana, koma ndikumbukira kuti mtengo wa buledi wa m'mawa sunali kufika madzulo. Mu January 2009 kunaturuka pepala limodzi la madola 100 trillion, ndipo caka comweco anthu anayamba kugulira dola ya ku America. Pambuyo pace kunadza ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ndi ZiG mu April 2024, imene inacepetsedwa mphamvu mu September caka comweco. Tsono mwini hotela amene anapsa kangapo konseka amachula mtengo wace m'madola a ku America, naonjezapo pang'ono poopa za mawa.

Inu amene mulandira marandi ku Joni, ici cikukhudzani koposa. Pamene randi inagwa mu 2015 ndi 2016, dola imodzi inapitirira marandi 15. Mtengo wolembedwa pa khomo la hotela sunasinthe, koma thumba lanu ndilo linapepuka.

Caciwiri ndi zimene mwini hotela alipira kuti mlendo agone bwino. Madzi atacepa ku Kariba mu 2019 ndi mu 2024, magetsi anali kuzima maora ambiri, ndipo madamu a mzinda ataphwa, mipopi inali kutsekedwa masiku angapo pa sabata. Mlendo afuna nyali ndi madzi osamba, motero pafunika jenereta, dizilo ndi citsime cokumba ndi makina. Kale Bulawayo unali mzinda wa mafakitale, koma ambiri anatsekedwa, ndipo katundu wambiri adzera pa Beitbridge atalipira msonkho. Mu 2015 boma linaikanso msonkho wa 15 pa 100 pa malo ogona alendo a kunja. Zonsezi zibisala m'kati mwa mtengo wa bedi limodzi.

Cacitatu ndi kucuruka kwa alendo. Cionetsero ca malonda ca Trade Fair cinayamba mu 1960, ndipo kawirikawiri cicitika kumapeto kwa April. Sabata imeneyo zipinda zonse zidzala, mitengo ikwera, ndipo ena abwereketsa ngakhale nyumba zao. Palinso alendo a kunja opita ku Victoria Falls, kapena ku Matopos kukaona manda a Cecil Rhodes, amene anaikidwa kumeneko mu 1902. Iwo alipira osanyinyirika, ndipo mtengo utsata thumba lao. Koma mu 2020, nthenda ya Covid itatseka malire, cionetsero sicinacitike, zipinda zinakhala pululu, ndipo ophika ndi oyala mabedi ambiri anakhala pakhomo opanda malipiro. Apa tiona kuti nawonso a m'hotela adalira mlendo monga ife tidalira mwala wa pansi.

Tsono mau anga ndi awa. Ngati nkotheka, musapemphe chuthi ca sabata ya Trade Fair. Mukafika pa nyumba ya alendo, musatule katundu musanafunse mtengo, ndiponso mufunse kuti ndi wa ndarama iti, dola, randi kapena ZiG, pakuti safunsa anadya phula. Ngati muli ndi mbale ku Makokoba, ku Njube kapena ku Mpopoma, kagoneni kumeneko, ndipo musiyepo kangacepe ka ufa ndi ndiwo, cifukwa nayenso agula m'sitolo zomwezo. Ndarama imene munakhetsera thukuta pansi pa nthaka ikafike kwa mai ndi ana kumudzi, isathere pa usiku uwiri wa m'tauni.