Mlembi wa Kalabu ya Kachewere ndi Kompyuta ya ku Joni

Dera la Ntengo-Wambalame m'boma la Tsangano anthu amalidziwa ndi kachewere, kabichi, chisanu cha mu Juni ndi malire a dziko la Malawi amene sali patali. Za makompyuta sizimveka kawirikawiri kumeneko. Komabe m'mudzi wina wa m'derali muli mnyamata amene mu Novembala chaka cha 2025 anagona usiku ungapo osaona tulo chifukwa cha kompyuta, ndipo anthu a m'mudzimo nkhaniyi amaikambabe akakumana kudimba.

Mnyamatayu ndi mlembi wa kalabu ya alimi a kachewere. Anamusankha osati chifukwa cha msinkhu koma chifukwa anafika nayo patali sukulu, amalemba Chichewa ndi Chipwitikizi chomwe, komanso ali ndi laputopu imene amalume ake anabwera nayo kuchokera ku Joni. Laputopuyo inali yogula kwa wina, yotha m'makona, koma m'kati mwake ndi mmene munali moyo wa kalabu yonse: amene anatenga feteleza pa ngongole, amene anabweza, amene anangobweza theka n'kulonjeza kuti zotsala adzapereka akakumba za kudimba. Kale zinthu zimenezi zinkalembedwa m'kabuku, ndipo kabukuko katanyowa ndi mvula chaka china, anthu awiri apachibale anatha miyezi osalankhulana. Kuyambira pamenepo kalabu inkakhulupirira makinawo kuposa pepala.

Tsono makinawo anayamba kudwala. Akawayatsa ankatha kupita kukatunga madzi osamba n'kubwerako asanatseguke. Nthawi ina anapita nawo kwa munthu wina wokonza mafoni ndi makompyuta m'tauni, amene anamulipiritsa mametikali ochuluka ndithu n'kumuikira mapulogalamu osadziwika kochokera. Patangotha milungu yochepa mavairasi anadzaza, ndipo fulashi iliyonse yolowa m'menemo inkatuluka ndi matenda. Kuonjezera apo, pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa pa ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi. Windows 11 nayo imafuna makina atsopanopo okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, kamene laputopu ya amalume inalibe. Ndalama zogulira ina panalibe, poti inali nthawi yogula feteleza.

Amene anamutsegula maso ndi msuweni wake, mphunzitsi wa ku Furancungo m'boma la Macanga, amene anabwera kumudziko kudzaona odwala.

"Asuweni, mukuvutikiranji? Ikanimo Linux. Ndi yaulere," anatero mphunzitsiyo.

"Yaulere? Inu asuweni, chaulere chimene ndikuchidziwa ine ndi mphepo ya ku Tsangano basi," anayankha mnyamatayo.

Kukayika kwakeko kunali komveka, ndipo awerengi ambiri akanakayikanso chimodzimodzi. Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, imene imauza makina zochita munthu akadina batani, ndipo mapulogalamu ena onse amakhala pamwamba pa iyo. Windows ndi imodzi mwa zimenezi, ndipo ndi katundu wa kampani. Koma mu 1983 munthu wina wa ku America, Richard Stallman, anayambitsa ntchito yotchedwa GNU, cholinga chake kukhala ndi mapulogalamu amene aliyense angagwiritse ntchito, kuona mmene anawalembera, kuwasintha ndi kugawira anzake popanda womuimba mlandu. Mu 1991 Linus Torvalds, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba chigawo chapakati chimene chinkasowa, ndipo ndi chimene chinatchedwa Linux. Choncho munthu wokopera Linux kwa mnzake sakuba ayi. Chilolezo chake chimanena poyera kuti gawanani. Ngakhale mafoni a Android amene adzaza m'matumba mwa anthu pa msika wa Biriwiri, pansi pake pali Linux yemweyo, eni ake osadziwa.

Mitundu yake ndi yambiri moti wongoyamba kumene amachita chizungulire. Pali Debian imene inayamba mu 1993. Pali Ubuntu, imene inatuluka mu Okutobala 2004 ndi thandizo la Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi liwu lija ife timati umunthu. Mpaka chaka cha 2011 a Ubuntu ankatumiza ma CD kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha, koma zimenezo zinatha. Mphunzitsi uja anasankhira msuweni wake Linux Mint, imene inayamba mu 2006 ndipo inamangidwa pa Ubuntu, chifukwa maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows, ndiponso mtundu wake wotchedwa Xfce sulemetsa makina okalamba. Atanena zimenezi anakwera chapa kubwerera ku Furancungo, n'kumusiya mnzakeyo ndi kapepala ka malangizo kolembedwa mothamanga.

Apa ndi pamene mnyamatayo anadziwa kuti chinthu chingakhale chaulere, ulendo wokachitenga ndi wako. Fayilo ya Linux Mint ndi yaikulu pafupifupi magigabaiti 3. Kwa munthu wa ku Maputo kapena ku Lilongwe imeneyo ndi nkhani ya mphindi zowerengeka, koma kumudzi kwawo netiweki imagwira bwino pachulu chimodzi chokha kuseri kwa khola. Anagula bandulo, nakhala pachulupo usiku atafunda bulangete, laputopu pamiyendo, foni ataikweza pa mtengo. Fayiloyo itatsala pang'ono kutha, netiweki inadula, zonse n'kuyambiranso. Usiku wachiwiri batire ya sola inatha. Agogo ake, poona kuwala pachulu pakati pa usiku, anafunsa m'mawa mwake ngati mdzukulu wawo wayamba zina ndi zina. Usiku wachitatu ndi pamene zinatheka, atauzidwa pa foni kuti agwiritse ntchito pulogalamu yotha kupitiriza pamene yadukira.

Kenaka panabwera nkhani ya fulashi. Fayilo imeneyi saingoiponya m'fulashi ngati nyimbo ayi. Pamafunika kapulogalamu kena, monga kotchedwa Rufus, kamene kamailemba m'njira yoti kompyuta ithe kudzukira pa fulashiyo, ndipo polemba kamafufuta zonse zimene zinali m'menemo. Fulashi yoyamba imene anagula pamsika inali yabodza, yolembedwa kukula kumene inalibe, ndipo inakanika pakati pa ntchito. Yachiwiri, ya magigabaiti 8, anachita kubwereka kwa katekisiti.

Mbiri yoti mlembi akufuna kusintha za m'kati mwa kompyuta inafika kwa wapampando wa kalabu, bambo wachikulire amene sadziwa kuwerenga kwenikweni koma saiwala thumba ngakhale limodzi la feteleza. Anabwera yekha madzulo, nakhala pakhonde, nayamba ndi za mvula monga mwa mwambo, kenaka n'kufika pa nkhani.

"Mwana wanga, ndamva kuti ukufuna kutsuka bokosi lija. Nanga ngongole za anthu zili m'menemo zitsala?"

"Zitsala, bambo. Ndiyamba ndazisamutsa."

"Uzisamutsire pamene ine ndingazione ndi maso. Msonkhano uli pafupi, ndipo alipo ena akupemphera kuti bokosilo lipse."

Mawu amenewa anali oona. Ngongole za nyengo ziwiri zinali m'menemo, ndipo zikanatayika, wotayika naye limodzi akanakhala mlembiyo, chifukwa pamudzi palibe amene akanakhulupirira kuti zinafufutika mwangozi. Akanati wadya ndi ena. Choncho anakopera mafayilo onse a kalabu m'kamemori ka mufoni, naatumizanso kwa msuweni wake pa WhatsApp, ndipo chifukwa cha bambo aja anagula kabuku kachikuto cholimba n'kulembamo dzina lililonse ndi ngongole yake pamanja. Ntchito imeneyi inamutengera masiku awiri, akung'ung'udza kuti akuluakulu sakhulupirira za makono.

Tsiku loika linafika. Anadikira dzuwa likwere kuti batire idzaze, popeza makina akazima pakati pa ntchitoyi amatsala opanda Windows, opandanso Linux. Anabaya fulashi, nayatsa, koma Windows yomwe ija inadzukanso ngati palibe chachitika. Chinsinsi chake n'chakuti pongoyatsa pamafunika kudina batani lina msangamsanga kuti makina afunse kumene adzukire, ndipo bataniro limasiyana: makina ena ndi F12, ena F9, ena Esc. Atayesa kangapo, pagalasi panaoneka chizindikiro chobiriwira, kenaka Linux Mint inatseguka.

Ubwino wake ndi wakuti panthawi imeneyi munthu amakhala asanaononge kanthu. Linux imayenda kuchokera pa fulashi pomwepo, iwe n'kumailawa ngati mmene mayi amalawira ndiwo asanapakule. Anayesa mabatani, anayesa mawu, anatsegula fayilo ya ngongole ndi LibreOffice Calc, imene imabwera limodzi ndi Mint ndipo imawerenga mafayilo a Excel. Mayina onse anaoneka, manambala ali m'malo mwake. Mtima unakhala pansi, mwina unakhala pansi mopitirira.

Anadina poika. Makina anafunsa chinenero, iye nasankha Chipwitikizi. Anafunsa mtundu wa kiyibodi, dera la nthawi, nasankha Maputo. Koma pakati pa mafunso ofewawa pali limodzi limene wongoyamba aliyense ayenera kuliwerenga kawiri ngakhale katatu: kodi Linux ikhale pambali pa Windows, kapena disiki yonse ifufutidwe? Mnyamatayo anali atatopa nawo mavairasi, ndipo disiki yake inali yaing'ono. Anasankha kufufuta. Makina anamuchenjeza, iye n'kuvomera mosachedwa, poganiza kuti zonse zofunika anasamutsa kale.

Pasanathe ola limodzi laputopu ija inadzuka ngati yatsopano. Chimene chinavuta ndi Wi-Fi yokha, imene sinkaoneka n'komwe. Zimenezi zimachitika pa makina ena akale amene kachipangizo kake ka Wi-Fi kamafuna pulogalamu yapadera. Msuweni wake anamuuza pa foni kuti alumikize foni ku laputopu ndi chingwe chotchajira, atsegule kugawa intaneti kudzera pa chingwecho, kenaka apite pa Driver Manager. Anachita zomwezo, pulogalamu yosowayo inabwera, Wi-Fi n'kuyaka. Madzulo amenewo anayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo.

Usiku ndi pamene mlongo wake wamng'ono anabwera ndi pempho limene amabwera nalo nthawi ndi nthawi.

"Achimwene, tandionetsani amayi."

Mayi awo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Zithunzi zawo, zina ali kudimba, zina pa ukwati wa mwana wa achemwali awo, ndi kafilimu kakafupi akuseka pamtondo, zinali m'foda ina m'kompyutamo. Foni imene inajambula inaonongeka kalekale. Masiku awiri onse amene ankakopera ngongole za eni ake, dzina ndi dzina, foda imeneyo sinamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Anakhala chete nthawi yaitali. Mwanayo anaona nkhope ya mchimwene wake, sanafunsenso, anatuluka.

Pano sipofunika kunamizira Linux. Inafunsa, inachenjeza, ndipo inachita chimene inauzidwa. Komanso si chilungamo kumuseka mnyamatayo, poti kapepala ka malangizo kaja kanangoti sunga mafayilo ako, osanena kuti munthu ayambe watsegula foda iliyonse, imodziimodzi, kuphatikizapo za zithunzi ndi zimene zili pagalasi loyamba. Odziwa makompyuta ali ndi chizolowezi chodumpha zimene kwa iwo n'zodziwikiratu.

Mphunzitsi wa ku Furancungo atamva, anamuuza kuti azimitse makinawo nthawi yomweyo ndipo asalembemo kanthu kena. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chikafufutidwa pa disiki yamtundu wakale sichichoka pompo. Chimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamalo pakepo, ngati mizere ya chaka chatha m'munda umene sunagaulidwe. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec imene imafufuza zotsalira zoterezi. Loweruka lotsatira mphunzitsiyo anabwera, nadzutsa makina pa fulashi ija ya akatekisiti, n'kuisiya PhotoRec ikufufuza kuyambira m'mawa mpaka batire kutha, mawa lakenso chimodzimodzi. Inatulutsa zinthu zambirimbiri zopanda mayina, zochuluka zopanda ntchito, zina zithunzi za mwini wake woyamba wa laputopuyo ku Joni, anthu amene pamudzipo palibe anawadziwa. Pakati pa zimenezo panapezeka zithunzi zinayi za mayi aja. Chimodzi chinali chodukira pakati. Kafilimu ka pamtondo sikanapezeke.

Msonkhano wa kalabu unachitika mvula yoyamba isanagwe, pansi pa mtengo wa pabwalo. Mlembi anatsegula laputopu, ndipo inayaka anthu asanamalize kukhala pansi, zimene zinadabwitsa ngakhale aja ankaiseka. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti iye anabweza zonse, ndipo kuti makinawo asokoneza manambala powatsuka. Wapampando sanayang'ane n'komwe pagalasi. Anaitanitsa kabuku kachikuto cholimba kaja, napempha mwana wasukulu kuti awerenge mokweza zimene zinalembedwa makina asanakhudzidwe. Manambala anafanana. Bamboyo anakhala pansi, nati adzapereka akagulitsa kabichi.

Fulashi ija inabwezedwa kwa akatekisiti Linux ikadali momwemo, ndipo yayenda kale m'manja mwa anthu ena awiri, mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi ndi mnyamata wina wojambula zithunzi za ziphaso. Onse awiri anabwera kwa mlembiyo kuti awathandize. Iye savomera kudina kalikonse mwini makina asanakhale naye pansi ndi kutsegula mafoda onse pamaso pake, ngakhale zitenge tsiku lonse, ndipo wojambula uja anachita kukwiya nako kuchedwako.

Zithunzi zinayi zija anapita nazo ku Ulongwe kukazitsukitsa pa pepala. Zitatu zili m'chikwama cha mlongo wake. Chodukira pakati chija, chimene chimaonetsa nkhope ndi phewa limodzi, anachiika m'kati mwa chikuto cha kabuku ka ngongole.