Madzi Saiwala Khwawa

Anthu a kumapiri a Ntchisi ndi Dowa saudziwa mtsinje monga momwe amaudziwira anzawo a kunyanja. Kwa iwo mtsinje ndi potunga madzi, pochapira zovala ndi pothirira ndiwo za kudimba. M'chilimwe mwana amaudumpha osanyowetsa chidendene, koma m'dzinja mtsinje womwewo umasanduka mpanda wotsekereza odwala kupita kuchipatala ndi ana kupita kusukulu. N'chifukwa chake munthu wa kuphiri akamva kuti alipo ena amene amalipira ndalama kuti angoyandama pamadzi tsiku lathunthu, opanda ukonde, opanda katundu, opandanso maliro oti akakhuze kutsidya, amangopukusa mutu n'kunena kuti ena ndalama zidawasowetsa chochita.

Maganizo amenewa ndi amene adali nawo mphunzitsi wina wopuma pantchito wa kufupi ndi Malomo, ndipo iye adali ndi chifukwa chake. Ali mnyamata wa zaka 14 adaperekeza mkulu wake amene ankapita kukafuna ganyu kuminda ya fodya kutsidya kwa Bua, mbali ya Kasungu. Udali mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitagona, mtsinje utadzaza mpaka m'mabango. Bwato lidali limodzi lokha, la mtengo wogoba, ndipo anthu ofuna kuoloka adali ambiri. Mnyamatayo adatsala pagombe naona ndi maso ake bwato likufika pakati, likuzungulira, wina akuimirira ndi mantha, kenaka lonse n'kugubuduka. Ena adapulumuka pogwira mabango, koma mkulu wake adakapezeka patapita masiku atatu. Kuyambira tsiku limenelo iye sadapondenso m'bwato. Ngakhale basi ikamadutsa pamlatho wa Bua, ankaweramitsa mutu mpaka itafika kutsidya.

Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zonse za uphunzitsi wake phunziro limene ankalikonda lidali la mitsinje ndi nyanja. Ankajambula ndi choko Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire wotuluka kumwera kwake. Ankafotokoza za David Livingstone amene mu 1859 adakwera Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert mpaka mathithi a Kapichira adamutsekera njira, ndi za sitima ya Ilala imene idayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ankasimbanso za ngalande zikuluzikulu zimene anthu a ku England adakumba ndi manja, monga ya Bridgewater imene idatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha kupita ku Manchester pa mabwato okokedwa ndi akavalo. Njanji zitalanda malondawo ngalande zambiri zidasiyidwa, koma pambuyo pake anthu adazikonzanso kuti zikhale zosangalalirapo. Lero mabanja amabwereka mabwato aatali, opapatiza mamita awiri, okhala ndi pogona ndi pophikira, n'kumayenda masiku angapo pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la munthu woyenda ndawala. Akafika apa mphunzitsiyo ankaseka pamodzi ndi ana ake a sukulu. Ulendo wanji wopanda kolowera?

Bamboyu adali ndi mwana wa mlongo wake amene adamulera ndi kumulipirira sukulu, monga malume aliyense wa Chichewa woidziwa mbumba yake. Mwanayo adabadwa patapita zaka zambiri ngozi ija itachitika, ndipo adapatsidwa dzina la malemuyo. Mu 2015 bungwe la African Parks lidayamba kusamalira nkhalango ya nyama ya Nkhotakota mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Alendo atayamba kuchuluka, mnyamatayo adapeza ntchito pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa Bua, ndipo ntchito yake idali yoyenda nawo pansi m'nkhalango ndi kuwapalasa pabwato. Malume ake atamva sadanene kanthu. Sadamuletse, komanso sadamufunire mafuno abwino, ndipo mnyamatayo akabwera kumudzi ankakamba naye za mvula ndi za mitengo ya feteleza basi.

M'mwezi wa Julayi chaka chotsatira, nthawi ya chisanu, mnyamatayo adabwera nagwada pakhonde.

"Amalume, mudandiphunzitsa ndi ndalama za choko. Ng'ombe yoti ndikupatseni ndilibe. Chimene ndili nacho ndi ntchito yanga, ndiye tiyeni mukaione."

"Iwe mwana, Bua adandilanda kale mmodzi," adayankha motero mkuluyo. "Ukufuna ndikamupatse moni?"

Adali mlongo wake amene adathetsa nkhaniyo madzulo a tsikulo. "Achimwene, mwana wanuyu amadzukira pamtsinje umenewo tsiku ndi tsiku, inu osamudalitsa. Chikadzamuchitikira kanthu, mudzati mudamuuza chiyani?" Mkuluyo sadagone usiku umenewo. Kutacha adavala jekete lake la kutchalitchi.

Msewu wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota umadutsa pa Malomo n'kulowa m'nkhalangomo. Minda ndi zigafa zikangotha, miombo imayamba, yothithikana mbali zonse ziwiri, mtunda wina pamwamba pa unzake. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo Bua amaidula pakati potsikira kunyanja, pena akuthamanga pamiyala, pena atadekha m'maiwe aatali. Pa dziwe lina lotere ndi pamene padali bwato, lopepuka, lopangidwa kufakitale. Miyendo ya mkuluyo idalemera ngati mitondo.

Mnyamatayo sadamufulumize. Adayamba wamuveka chovala choyandamitsa munthu pamadzi, namumanga zingwe zake bwinobwino. Kenaka adanena malamulo monga amachitira ndi mlendo aliyense. M'bwato muno simukwera anthu oposa chiwerengero chake. Munthu akakhala pansi saimiriranso, zivute zitani. Dzanja saviika m'madzi chifukwa muli ng'ona. Mtsinje ukadzaza m'dzinja bwato limakhala kumtunda, ngakhale mlendo atalonjeza ndalama zochuluka bwanji. Mphunzitsi uja ankamvetsera ngati mwana wa sukulu, ndipo pa lamulo lililonse mtima wake unkabwerera pagombe lija. Kuchuluka kwa anthu, kuimirira, madzi osefukira: zonse zimene mwanayu ankaletsa zidachitika tsiku limodzi lija. Kwa zaka zonsezi iye ankauona mtsinje ngati mfiti imene idasankha nyumba yawo. Tsopano adayamba kuzindikira kuti chidapha mkulu wake ndi njala imene idamukankhira pamadzi oti munthu wokhuta sakadayerekeza kuwaoloka.

Adakwera atagwiritsa m'mbali mwa bwato mpaka zala kuchita dzanzi. Nkhafi idalowa m'madzi mwakachetechete, gombe n'kuyamba kusuntha. Poyamba sadaone kanthu koma msana wa chala chake chachikulu. Pang'onopang'ono makutu adatseguka. Nkhwazi idalira pamwamba pa mkuyu, itapendeketsa mutu chagada. Anyani adakalipirana m'matanthwe. Kashembe adamuluma pakhosi, ndipo poti amuphe adadzidzimuka kuona kuti wasiya kugwira bwato. Patsogolo pang'ono ng'ona imene inkaothera dzuwa pamchenga idatsetserekera m'madzi, mnyamatayo n'kukhotetsa bwato modekha kupita mbali ina, osasiya nkhani imene ankakamba. Atakhota pagomo lina adaona njovu zitatu zikumwa madzi, ndipo adaima patali nthawi yaitali, opanda woyankhula. Mkuluyo adali ataphunzitsa za njovu zaka zoposa 30, koma kumva madzi akukhuthukira kukhosi kwake adakumva tsiku limenelo.

Kumapeto kwa dziwelo, pamene madzi amayamba kuthamanga pa timiyala, adatsika. Mnyamatayo adaloza pansi pa madzi osayawo. Adafotokoza kuti mpasa, nsomba ya m'Nyanja ya Malawi, imakwera mitsinje mvula ikamatha kudzaikira mazira pa timiyala totere, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yowerengeka imene nsombayi idakadalirabe. Mazirawo amafuna madzi oyera oyenda pakati pa miyala. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Adatola mwala umodzi naupukuta ndi chala, ndipo chalacho chidafiira ndi dothi la katondo.

"Nanga dothi limeneli likuchokera kuti, m'nkhalango muli mitengo chonchi?" adafunsa mkuluyo.

"Kwathu, amalume."

Mawu awiriwo adamulasa kuposa kashembe uja. Adakumbukira khwawa la kuseri kwa nyumba yake, limene kale lidali ndi mikuyu ndi nsungwi mbali zonse. Adakumbukira kuti mitengo ina adaidula yekha pomanga chigafa, ndi kuti dimba lake adalilima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Timitsinje ta m'mapiri a Ntchisi, tina timathira mu Bua, tina timatsikira kuthamanda la Chia, ndipo tonse timanyamula chimene tapatsidwa kumtunda. Pamapu a pabolodi mtsinje udali mzere wa choko woyambira apa n'kuthera apo. Pabwato adaona kuti khasu la munthu wa ku Malomo limafika mpaka mumphika wa msodzi wa ku Nkhotakota. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, koma iye adaonjeza mumtima kuti saiwalanso dzanja limene lidalivula khwawalo.

Pobwerera adapempha nkhafi. Adapalasa mokhotakhota, bwato n'kumazungulira, mnyamatayo akuseka mpaka misozi. Atafika pagombe mkuluyo adamugwira paphewa namutchula dzina lake lonse, dzina limene kwa zaka zambiri ankalizemba pomangoti "iwe mwana". "Ntchito yako ndi yabwino," adatero. "Uziigwira momwemu, ndipo madzi akadzaza usadzamvere munthu."

N'zoona kuti maulendo otere, kaya pa Bua, pa Shire ku Liwonde, kapena pathamanda la Chia, ndi a ndalama zimene mlimi wamba sangazipeze msanga, ngakhale kuti Amalawi amalipira zocheperapo pachipata kusiyana ndi alendo akunja. N'zoonanso kuti mabwato ambiri m'dziko muno amanyamula anthu amene alibe njira ina yoolokera. Koma kupuma pamadzi si ulesi. Munthu wothamangira kutsidya amangoona kutalika kwa mtsinje, pamene woyenda nawo pang'onopang'ono amaona za m'kati mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atafika kumudzi anzake a pabwalo adamuzinga. "Aphunzitsi, mwachokera kumtsinje, nanga nsomba zili kuti?" Iye adayankha kuti sadabwere nayo ndi imodzi yomwe, anthu n'kufa nacho chiseko. Sadakwiye. Mvula yoyamba itagwa adabweza malire a dimba lake mapazi khumi kuchoka pamadzi, nabzala nsungwi ndi mikuyu pamalo otsalawo. Mkazi wake adadandaula kuti mizere iwiri ya tomato yapita pachabe, ndipo mkanganowo udatenga masabata angapo. Mitengoyo idakali yaing'ono, ndipo khwawa limodzi silingayeretse Bua. Koma masiku ano basi ikafika pamlatho uja, mkuluyo amapempha wokhala kuzenera kuti asinthane malo.