Tsiku Lothira Vinyo M'mabotolo

Pa masiku onse amene vinyo wa zipatso amakhala m'manja mwa omupanga, palibe lowadetsa nkhawa ngati lothira m'mabotolo. Jambula kapena chidede zikanyikidwa pamodzi ndi shuga, yisiti amagwira ntchito yake payekha kwa milungu ingapo. Kenaka vinyo amagona miyezi m'thanki yotsekedwa, nsenga zikudikha pansi. Nthawi yonseyo munthu amangodikira. Koma tsiku lothira, vinyo amatuluka m'mene anabisala nakumana ndi mpweya, umene ukachuluka umamuchotsa fungo ndi maonekedwe.

Pa fakitale yaing'ono ntchitoyi imayambira pa madzi. Mayi wotsuka mabotolo amatsukuluza lililonse ndi mankhwala a metabisulphite, nalizondotsa kuti likhe, kenaka n'kuliyang'ana poloza kuwala kwa dzuwa. Sanawerengepo buku la Louis Pasteur la mu 1866, limene linasonyeza kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndito timadwalitsa vinyo, komabe mayiyu amadziwa kuti kadontho kamodzi ka litsiro kakhoza kusandutsa thukuta la chaka chathunthu kukhala viniga, uja omasulira Baibulo anamutcha vinyo wosasa. Zikatero, mlimi amene anasenza madengu a zipatso sadzaitanidwanso msanga, ndipo malipiro a mwezi umenewo adzachedwa.

Wothira amakhala chete ngati ali pa maliro. Paipi amaifikitsa pansi penipeni pa botolo kuti vinyo akwere mwakachetechete, osachita thovu, ndipo mbali ina ya paipiyo isakhudze nsenga. Botolo la mamililita 750 salidzaza mpaka pakamwa. Amasiya kampata ka zala ziwiri, poti vinyo amafufuma kukatentha, ndipo dzuwa la Okutobala silimvera chisoni chotsekera chilichonse. Akafulumira kuthira shuga asanathe kuwira, botolo limadzaphulikira m'sitolo ya eni ake.

Chotsekeracho nacho chili ndi ulendo wake. Ngati ndi cha khungwa, kawirikawiri chimachokera ku Portugal, dziko limene limatulutsa pafupifupi theka la khungwa lotere padziko lonse. N'zoseketsa ndithu kuti kumeneko n'kumenenso kunachokera dzina la chakumwacho: vinyo ndi vinho wa Apwitikizi, amene anakwera ndi mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi kachasu ndi nsapato. Botolo ndi la Angerezi. Mawu a Achewa enieni atsalira pa zochitika m'kati mwa thanki: kuwira, kudikha, kusasa, mawu amene amayi ofulula mowa wa masese anali nawo kalekale.

Ku Lilongwe, kampani ya Linga yasonyeza kuti jambula, magwafa ndi mapulamu zikhoza kulowa m'botolo lotere n'kugulidwa ndi anthu ozindikira. Komabe pepala lomata pa mabotolo a vinyo m'chigawo chino limalankhula Chingerezi pafupifupi nthawi zonse, kuyambira dzina la chipatso mpaka mlingo wa ukali wake. Eni ake amati wogula ndi mlendo wa ku hotela, ndipo sakunama. Madzulo, mnyamata womata mapepala amawerenga makatoni mokweza kuti mlembi alembe. Pa pepala palembedwa Rosella, koma iye amati, "Achimwene, a chidede akwana makumi anayi; a jambula atsala awiri."